Makope a Alamu Awo

Dzina lakuti a Dikishonale anawapatsa ndi ana asukulu. Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, ndipo liwu lililonse ankalisenda ngati nthochi mpaka mwana aone za m'kati. Atapuma pantchito analemba buku la moyo wawo, nakalitayipitsa bwinobwino. Mapepala a pamanja aja, akazi awo anakolezera moto.

Mlamu wawo anali telala, munthu wolekeza sukulu panjira. Pambali pa makina osokera ankasunga makope. Pamwamba pa tsamba ankalemba muyeso wa kasitomala, m'munsi zimene kasitomalayo wafotokoza, kaya za ukwati, za maliro, za mwana wothawa pakhomo. Zilembo zake ngati papalasa nkhuku.

Tsiku lina telalayo anabwera ndi kalata. Mayi wina wa ku laibulale yaikulu, pokasoketsa diresi, anali atawaona makopewo.

"Alamu, inu odziwa, tandithandizani. Akuti akufuna mamanyusikiripiti anga. Ndapalamula chiyani?"

A Dikishonale anakonza magalasi. "Ndi mawu awiri a Chilatini, alamu. Manu ndi dzanja, sikiripiti ndi cholembedwa. Cholembedwa pamanja, basi. Makina osindikiza asanabwere, buku lililonse linali lotero."

"Ndiye makope anga onunkha oyilowa?"

"Omwewo."

M'mawa mwake a Dikishonale anapukuta nsapato, nanyamula buku lawo ulendo wa ku laibulale. Mayi uja anatsegula masamba awiri atatu.

"N'labwino, bambo. Koma chipinda chino timasunga za pamanja zokha. Zoyambirira zija muli nazo?"

Atafika kunyumba chakudya sanachikhudze.

"Munthu wosadziwa n'poika mpumiro pomwe! Ine choko chinandidya zala, iye tepi m'khosi, lero ndiye wolemba?"

"Ndi achimwene anga amenewo," anatero akazi awo. "Ndipo mapepala aja munanena nokha kuti n'zinyalala."

Tsiku loonetsa makopewo ku laibulale a Dikishonale anapita, poopa kuti anthu anganene. Anawerama pa bokosi lagalasi, napeza zolakwika zisanu ndi ziwiri pa tsamba limodzi. Anatsokomola kuti wina afunse, koma onse anali ataunjikana kwa telala, akumujambula.

Kuyambira pamenepo thalauzi likang'ambika amakasoketsa kutsidya kwa msewu, kwa telala wina amene amafupikitsa mwendo umodzi. Amavala choncho, ndipo akafunsidwa amati ndiwo masokedwe a masiku ano.