Khobwe wa m'khutu lamanzere

Ndikukumbukira chaka chomwe khobwe anabereka kwambiri ku Shikabeta. Tinkamenya makoko pabwalo, fumbi likuyabwa pakhosi, dzuwa likuwotcha msana. Ine ndinali kamnyamata kamakani. Ndinauza anzanga kuti ndikhoza kulowetsa khobwe m'khutu ili n'kumutulutsira linalo. Kulowa analowadi. Kutuluka anakana.

Amayi anandigoneka pamphasa n'kuthira madzi m'khutumo kuti khobweyo ayandame. Anaiwala zomwe khobwe amachita akagona m'madzi. Kutacha anali atafufuma, mutu ukugunda ngati muli munthu akusinja. Anaitana amalume, okonza njinga, amene mudzi wonse unkawadalira pa chilichonse chofuna chitsulo. Anazula sipoko ya njinga, n'kuipinda kunsonga, n'kuilowetsa m'khutumo amuna awiri atandipanikiza pansi. Ndinamva kanthu kakuphulika mkati, kenaka magazi ofunda akutsikira m'khosi. Khobwe anatuluka zidutswazidutswa. Anthu anawayamika amalume. Khutulo silinamvenso.

Kusukulu anandikhazika kumbuyo chifukwa ndinali wamtali. Aphunzitsi akafunsa, ndinkangowayang'ana. Iwo ankati ndi mwano, chikwapu n'kumaliza nkhani. Masamu ndinkawadziwa kuposa onse m'kalasimo. Za khutu sindinauze munthu. Sindinabadwe wopempha chisoni. Ndinasiya pulayimale isanathe, ndinagwira khasu.

Lero mdzukulu wanga Esinati ndi dokotala pachipatala china chakumudzi m'boma lomwe lino la Rufunsa. Anandiunika ndi kanyali kake, n'kunena kuti wodziwa ntchitoyo akanamuchotsa khobweyo ndisanamalize n'kulira komwe. Kuyambira pamenepo akufuna kuphunzira opaleshoni ya khutu, mphuno ndi mmero.

Malo a maphunzirowo ndi ochepa. Osankha amafuna munthu amene wachita kafukufuku, amene wagwira ntchito pambali pa akatswiri, amene madokotala akuluakulu akumudziwa nkhope. Kuno katswiri amupeza kuti? Patchuthi amakwera basi ya ku Lusaka kukaonerera maopaleshoni. Amaima kumbuyo, monga ine m'kalasi muja, kenaka amathamangira kuno chifukwa odwala alibe wina. Wapempha, wakanidwa, wapemphanso.

Sabata yatha anabwera ndi yankho la chaka chino. Amadziwa bwino khutu langa lomwe limamva, koma anakhala kumanzere. Analankhula motsitsa. Ndinangoona milomo ikuyenda.

"Bwera mbali ino, iwe," ndinatero.

"Ayi agogo, mwamva kale."

Sindinamunyengerere. Sindidziwa kutero. Ndinamufunsa za ntchito, ndipo apo m'pamene anabwera kumanja. Anati m'mawa womwewo anamubweretsera kamtsikana ka kwathu konkuno, magazi atauma m'khosi. Anakapukuta, n'kuuza makolo kuti apite nako ku Lusaka. Akudziwa kuti sapita.

Amati zinthu zasintha. Zoona, foni ili m'thumba la aliyense, ndipo mabasi sasowa pamsewu waukulu. Amalume anagona kalekale. Koma khobwe akufufumabe m'makutu mwa ana, ndipo mudzi uliwonse uli ndi wokonza njinga.