Chimfine cha Apongozi Anachitcha Malungo

Apongozi anga anatsala pang'ono kufa ndi chimfine, ndipo amene anawakankhira kufupi ndi manda amavala malaya oyera. Posito yake, kachipatala kakang'ono ka kwathu kuno, sinditchula dzina. Inu a kuno ku Chiuta mukuidziwa, ndi ija anaifolera malata atsopano nkhondo itangotha.

Tinabwerako kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi mitima ili mbee. Dziko lathu, nyanja yathu, chipatala chathu. Ine ndinagula njinga n'kuyamba kupita ndi nsomba zouma kumsika. Ndiye nyengo yozizira ija chimfine chinalowa m'mudzi. Mkazi wanga anagona. Kenako mayi ake: thupi moto, mutu kuwawa, mfundo zonse kuphwanya, chifuwa chouma, mamina osaleka.

Wowanyamula panalibe. Ndinatsala ine mkamwini. Tangoganizani. Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire, lero ali pakaliyala ya nsomba. Anakana kundigwira m'chiuno. Anagwira chishalo ndi zala ziwiri, nkhope atalozetsa kumbali, ndipo njira yonse ankauza mitengo kuti, "Auzeni achepetse liwiro."

Tinafika dzuwa likungotuluka. A enferemeru, namwino wamwamuna wa pamenepo, anafika dzuwa lili paliwombo. Anatilowetsa tonse m'kachipinda kamodzi, mazenera otseka, ati fumbi lingadetse tebulo. Ana, amayi apakati, nkhalamba, aliyense akutsokomolera mnzake m'khosi. A enferemeru eniakewo nawonso anali ndi chimfine. Akamayetsemula, manja ali m'thumba.

Choyezera kutentha kwa thupi? Ati chinasweka. Chomvera m'chifuwa chija? Chinali pakhosi pawo ngati mkanda wa paukwati. Anaima pakhomo n'kunena kuti amene thupi likutentha akweze mkono. Odwala onse anakweza.

"Malungo. Nonse."

Basi, kuyeza kwatha. Anayamba kugawa kolorokwini ngati mtedza.

Ndinadzichepetsa. Ndinati, "Pepani bambo, mayiwa akutsokomola, mphuno ikuchucha, ndipo kwathu nyumba iliyonse zili chomwechi. Mwina mungawamvereko chifuwa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anati ngati ndinaphunzira udokotala kumsasa ndibwerere komweko, kuno ndi ku Mosambiki. Kodi chimfine chimadziwa malire? Chikamawoloka nyanja ya Chiuta chimaonetsa chiphaso?

Kunyumba mankhwala aja anawayabwitsa apongozi thupi lonse. Ankadzikanda ndi chitsononkho cha chimanga, uku akutukwana chapansipansi. Tinaseka, iwonso anaseka. Koma kutentha sikunatsike. Posakhalitsa kupuma kunayamba kuthamanga. Akatsokomola ankagwira nthiti, makhololo achikasu. Phala anakana. Apa kuseka kunatha. Mkazi wanga, yemwe anali asanapezebe mphamvu, anandiitana kuseri n'kunena kuti, "Bambo a Rabeka, amayi tiwataya."

Ulendo uno sakanatha kukhala okha panjinga. Mkazi wanga anawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje, ngati khanda. Za manyazi panalibe anazikumbuka. Posito ija ndinaidutsa osacheuka, ndinapalasa mpaka kuchipatala chachikulu ku vila, tauni ya boma lathu.

Kumeneko namwino wina wamkazi anawaika choyezera kukhwapa, anawamvera chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, anawatenga magazi pachala. Malungo sanapezeke. Anati chinayamba ndi giripe, chimfine chachikulu chija chobwera ndi kachilombo ka vayirasi, ndipo poti thupi ndi lokalamba, chibayo chalowererapo m'mapapo. Anawabaya jakisoni n'kuwagoneka.

Ine anandikhazika pabenchi. Anati chimfine pachokha chimafuna kugona, kumwa madzi ambiri ndi parasetamo wotsitsa kutentha, ndipo kolorokwini alibe nacho ntchito. Wotsokomola azitseka pakamwa, m'nyumba muzidutsa mphepo, m'manja muzisambidwa. Koma nkhalamba, mwana wamng'ono kapena mayi wapakati akayamba kubanika, osadikira kuti kuche. Zonsezi ananena m'chinenero chathu, osakalipa. Ndinadabwa. Kani n'zotheka?

Apongozi anachira. Tsiku lotuluka anaitanitsa mlamba wathunthu n'kuudya okha, ife tikuonerera. Pano ali kumunda wa chinangwa, akudzudzula aliyense. Ine ndiye ndinagona sabata yotsatirayo, mutu ngati ng'oma, nsomba zikungondidikira m'dengu.

Tsopano akuluakulu a zaumoyo m'boma lino, ndiyankheni. Munthu amene amayeza odwala ataima pakhomo, amalandira malipiro a chiyani? Ngati choyezera chinaswekadi, mukudziwa? Nanga makutu awo, anaswekanso? Ife tinapulumuka chifukwa ndili ndi njinga ndi miyendo. Pabenchi pathu ku posito tsiku lija panali mayi wina wobwera wapansi kuchokera kunyanja, khanda likupuma mwaphokoso kumsana. Anamupatsa kolorokwini yemweyo. Mwana ameneyo anamumvera chifuwa ndani?

Ndipo inu abale anga, si kutentha kulikonse kumene kuli malungo. Mukapita ku posito musatuluke asanakukhudzeni. Nenani mwaulemu kuti, "Bambo, ndimvereni chifuwa." Akakana, bwerezani. Akakalipa, khalani pabenchi pomwepo mpaka atope nanu. Tinathawa mfuti, tinapirira msasa. Sitinabwerere kwathu kuti tidzafe ndi chimfine.