Chingwe cha Morisi ya Bambo

Ndinadzidzimuka kusanache, nditatsamira khoma la m'siwa, mwendo utachita dzanzi. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Nditatuluka ndinapeza chiperoni chitakuta Chilomoni yense, azibambo ataunjikana pamoto. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali Morisi ya bambo, itanyowa.

Galimoto imeneyi inandiposa zaka. Inapangidwa ku Mangalande nkhondo yachiwiri itatha, kuti munthu wamba azinyamuliramo banja lake. Bambo anaigula kwa mzungu wina wophunzitsa amene ankabwerera kwawo dziko litangolandira ufulu. Inali yamphuno yozungulira, pokhota inkatulutsa kamkono kowala m'mbali, ndipo kumbuyo kwake kunali kwa matabwa, ndi zitseko ziwiri zotsekuka ngati za kabati. Chilimwe chilichonse bambo ankapala matabwawo ndi kuwapaka vanishi. Ana a m'dera lathu ankaitcha kabati woyenda, bambo n'kumangoseka.

Matenda atakula, tsiku lina bambo anapinda mpando wakumbuyo, n'kugonamo chagada kuti adziyeze. Mapazi anatulukira kunja. Anapita okha kumsika kukagula chingwe cha khonje chodzamangira zitseko pa bokosi lawo la maliro, n'kuchisunga pansi pa mpando. Anauza mayi kuti ulendo wawo womaliza adzayende pa galimoto yawo, osati pa lole ya munthu. Mayi analonjeza ine ndikumva.

Kutacha tsiku la malirolo, anthu anayamba kufika. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unadzaza bwalo lonse, ophika akupukuta maso ndi zitenje pa miphika ya nyemba. Amene ankalira mokweza kuposa tonse anali bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo. Nthawi yonse ya matenda sanabwereko ngakhale ndi botolo la thobwa. Koma atangofika dzulo lake anapempha makiyi a galimoto, ati angasowe m'chipwirikiti. Namfedwa satsutsa, mayi anapereka.

Inali nyengo ya kampeni. Chakum'mawa ndithu kunabwera lole yokutidwa ndi nsalu za chipani, yotumizidwa ndi mkulu wina amene ankafuna mpando wa kunyumba ya malamulo. Bambo aang'ono anailandira ndi manja awiri. Ndinapita kukawagwadira m'matope, n'kuwafotokozera zimene bambo anasiya atanena.

"Iwe mwana, ukufuna tauni yonse itiseke?" anatero. "Achimwene anali munthu wa boma, si katundu woika mu kabati. Kasikirapu aka kakatifera pamtunda, utinyamula ndiwe?"

Ndinawauza kuti galimotoyo inali isanatiferepo pamtunda uliwonse. Anandiyankha kuti za maliro salongosola ana aakazi. Mayi anamva zonse ali pakhomo la siwa. Anangokoka chitenje n'kufunda kumutu.

Motero bambo anakwera lole ya munthu. Bokosi linagona pakati pa anyamata ovala malaya a chipani, ife tikutsata pambuyo wapansi, mvula yowaza ikutilowa m'khosi. Maminibasi ankaima kuti tidutse. Kumanda adzukulu anali atamaliza kalekale, akunjenjemera ndi kuzizira, mafosholo ali m'manja. Mwini lole uja analankhula nthawi yaitali kuposa abusa, ndipo dzina la bambo analiphonya mpaka wina anachita kumunong'oneza. Ndinalira, koma kunena zoona misozi yambiri inali ya ukali.

Titabwerako, tisanaume n'komwe m'manja posamba pachipata, abale akuchimuna anakhala kagulu kuseri kwa nyumba. Sanachedwe. Anati galimoto ndi katundu wa kwawo, ipite ndi bambo aang'ono. Kasikirapu kaja tsopano kanali chuma.

Bambo aang'ono analowa m'galimotomo, n'kupotokola kiyi. Zii. Batire inali itatha mphamvu, ndipo bambo ankaliza galimotoyo ndi handulo yopukusa kutsogolo, imene inkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ndinkadziwa, koma ndinatseka pakamwa. Anakankha, anatukwana, osatheka. Lole ija inali idakali pamsewu, dalaivala akudya. Wina anapisa dzanja pansi pa mpando kufuna sipanala, n'kutulutsa chingwe chija, chidakali chokulunga.

"Mwayi wake! Chatsopanotu ichi," anatero bambo aang'ono.

Anamangirira galimoto ija kumbuyo kwa lole. Pokhota pa msewu waukulu inatsatira mwakachetechete, zitseko zakumbuyo zikugwedera, mulibe kanthu.

Madzulo nyumba inangoti zii. Mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi, phulusa la moto litanyowa. Pansi pa mtengo wa mapeyala panatsala malo ouma, ndi kadontho ka oyilo pakati. Mayi ndinawapeza kuchipinda atakhala pamphasa, handulo ili pamiyendo.

"Bambo ako anazungulira msika wonse kufuna chingwe cholimba," anatero. "Ankaopa kuti chingaduke panjira."

Sichinaduke.