Chithunzi Chinakula Pakhoma

M'dera lathu amamutcha Namabotolo. Dzinali anam'patsa ndi amayi oyandikana nawo, chifukwa ankayenda khomo ndi khomo ndi chikwama cha timabotolo, kutunga madzi m'zitsime kuti akawayeze ku labotale komwe amagwira ntchito. Ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Anali mwana wosakweza dzanja asanatsimikize yankho. Mayi ake anamwalira msanga, ndipo iye ndi mlongo wake analeredwa ndi bambo awo, mmisiri womanga nyumba.

Kafukufuku wa zitsime atatha, abwana ake anamuuza kuti akafotokoze yekha zomwe anapeza pamsonkhano wa m'holo, pamaso pa akuluakulu a zaumoyo ndi anthu a m'deralo. Anabwera kusukulu ana ataweruka, natsegula laputopu padesiki yanga kuti ayeserere. Masilaidi ake, masamba aja amaonetsedwa pakhoma munthu akamalankhula, anali manambala okhaokha, othithikana ngati nyerere.

"Mwanangu, wokhala kumbuyo awerenga bwanji izi?" ndinamufunsa.

"Koma aphunzitsi, nambala iliyonse ndinaivutikira."

"Tsamba limodzi, mfundo imodzi. Zinazo uzisunge m'mutu."

Anafufuta akudandaula ngati akudulidwa chala. Mlongo wake, dalaivala, amene anam'perekeza, ankayasamula mwadala.

"Achemwali, ikanimo zithunzi. Tizilombo tanuto ife sititiona, tingogona m'holomo."

Lamulo la kafukufukuyo linali loti chitsime chizitchulidwa ndi nambala, osati dzina la mwini wake, kuti pasakhale wochititsidwa manyazi. Koma chitsime chomwe chinapezeka ndi tizilombo tambiri kuposa zonse chinali cha kwawo. Bambo ake anachikumba okha, nakumbanso chimbudzi pafupi pomwepo. Ankanyadira kuti madzi awo ndi ozizira, ndipo ankalola aliyense kutunga. Namabotolo ankangowauza bambo akewo kuti aziwiritsa madzi, osatchula chifukwa. Ankati adzawauza msonkhano ukadutsa.

Chithunzi cha chitsimecho ndicho chinkaonetsa bwino vutolo. Anadula pachithunzipo mbali ya nyumba kuti isadziwike. Pangodya panatsala kadontho kakuda, komwe palaputopu kankaoneka ngati mthunzi wa mtengo.

Tsikulo bambo ake anavala jekete, nakhala kutsogolo. Namabotolo anayamba bwino. Anafotokoza momwe ankatungira madzi, momwe tizilombo timawerengedwera, ndi momwe mvula imakokolera zoipa m'nthaka. Anthu ankagwedeza mitu. Kenako anati, "Ichi ndiye choipitsitsa," nadina batani.

Pulojekita inakuza chithunzicho kudzaza khoma. Kadontho kaja sikanali mthunzi. Anali bambo ake, opanda malaya, atawerama ndi ndowa, kumutu kuli chipewa chomwecho chimene anavala m'holomo.

"Si amisiri awo?" wina ananong'ona, mokweza ndithu.

Kumbuyo kunamveka kuseka kobisa. Namabotolo anadina kuti chithunzi chichoke, koma anadina mopupuluma. Anadumpha masamba awiri, nabwerera, chithunzi chija n'kubweranso. Bambo ake anavula chipewa, nachibisa pansi pa mpando.

"Pitirizani, mayi," anatero wapampando.

Anamaliza akuwerenga pakhoma, atafulatira anthu, mawu atachepa. Anamuombera m'manja, koma sanadzutse nkhope. Mpando wa kutsogolo uja unali wopanda munthu.

Anakawapeza bambo ake ataima pachitsime, jekete asanavule. Anagwada.

"Bambo, ndakuchititsani manyazi pagulu."

"Za chithunzi zisiye. Mimba yangayi anthu amaiona tsiku lililonse pantchito." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Unadziwa liti?"

"Kalekale, bambo."

"Ndiye ana a eni ake ndakhala ndikuwamwetsa madzi amenewa, iwe ukundiyang'ana? Holo yonse ndiyo inali yosavuta kuiuza kuposa bambo ako?"

Bambowo anakatenga matabwa ndi hamala.

"Gwira apa," anatero.

Anagwira thabwa, iwo akukhoma misomali, mpaka chitsime chinatsekedwa. Sanalankhulanenso tsikulo.

Kuntchito amati kafotokozedwe kake kanathandiza, ndipo amamutumabe kukalankhula m'misonkhano. Iye safuna kumva za tsiku lija. Akakonza masilaidi amabwera kudzabwereka pulojekita ya sukulu, n'kuyang'ana ngodya zonse za chithunzi chilichonse, mphuno itayandikira khoma. Ndipo akayeza madzi, zotsatira zimayamba zafika kwa mwini chitsime, pakhonde pake, asanatsegule laputopu.

Bambo ake tsopano amatunga kumpopi wa kumsewu, nyumba zingapo kuchokera kwawo. Namabotolo akapita kukawaona amawalanda ndowa n'kukatunga yekha. Iwo samukaniza, komanso sananenepo kuti nkhaniyo inatha.