Mmene Ndinathandizira a Namakhwa Kulephera

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankasesa pamalo ena a makompyuta pa Boma ku Mulanje. Bungwe lina lopereka masatifiketi kwa amisiri a magetsi linkafuna kuyesa mafunso ake atsopano pa intaneti lisanawaike m'mayeso enieni, ndipo linkasowa munthu wodziwa kompyuta. Ine ndinkaidziwa, ndipo ndinkadzimva nazo kwambiri.

Ntchitoyo inali yochepa: kuyatsa makompyuta asanu, kulumikiza rauta ya intaneti, kupatsa mmisiri aliyense wodzayesa mafunsowo nambala yake yolowera, kenako kutuluka n'kutseka chitseko. Mayi amene ankandiyang'anira ali ku Blantyre anandiuza pafoni kuti, "Musawathandize. Funso likawavuta, lisiyeni liwavute. Ndi mmene timadziwira funso loipa n'kulikonza." Ndinati ndamva, koma mumtima ndinkati imeneyi ndi nkhanza chabe.

Tsiku lachitatu kunabwera a Namakhwa, bambo wa imvi amene anakonza magetsi kuesiteti ya tiyi zaka zambiri alibe pepala. Abwana atsopano anali atalamula kuti wopanda satifiketi achoke ntchito, atulukenso m'nyumba ya kampani. Ndili pakhonde ndinawaona pawindo atagwira mausi ya kompyuta ngati dzira. Anandikodola.

"Achimwene, apapa akufuna chani? Waya ndimamudziwa ine, koma chizungu ichi chikungozungulira."

Munthu wamkulu atakuitana, iwe ungangoima panja? Ndinalowa. Funsolo linalidi lolembedwa mosokoneza. Nditawafotokozera m'Chichewa anaseka: "Aa! Fyuzi basi?" Anzawo anayi aja anatembenuza mipando. Mapeto ake ndinamasulira mafunso onse, ndipo magulu otsatira ndinawachitiranso chimodzimodzi. Mayankho sindinkapereka ayi, ndipo ndinkadzitonthoza ndi zimenezo.

Patapita milungu ingapo mayi aja anaimba akusangalala. "A ku Mulanje akhoza bwino. Mafunso tinkawakayikira aja tawasiya momwemo." Mpata wonena zoona unalipo, koma ndinaopa kuchotsedwa ntchito. Ndinangoti, "Zikomo, madamu."

Pamayeso enieni panalibe womasulira. A Namakhwa anali atasiya kupita kumakalasi a Loweruka okonzekera mayesowo, poti anaona kuti zinthuzo n'zosavuta. Analephera.

Ndinakumana nawo pamsika wa Chonde atayala masoketi ndi mababu pachiguduli. M'nyumba muja anali atatulukamo. Ndinafuna kuzemba kuseri kwa minibasi, koma anali atandiona kale.

"Aphunzitsi anga!" anatero, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Kuja kunalibe munthu wachifundo ngati inu."

Sindinawauze zoona, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Ntchitoyi ndimaigwirabe. Masiku ano munthu akatuluka akudandaula za funso, ndimangolemba nambala ya funsolo n'kutumiza kwa olikonza. Ambiri amachoka akundinena kuti ndine wouma mtima. Amene amandiyamikirabe ndi a Namakhwa okha.