Ndinazula Chitseko Mwana Ali M'chikuta

Mboni zanga ndi ziwiri ndi theka: mkazi wanga, a Mussa a kabaza, ndi mayi wina wokazinga mandasi amene anaona ndi diso limodzi poti linalo linali pa chiwaya. Onse ali moyo, kawafunseni. Ine sindinama, makamaka pa nkhani yondichititsa manyazi ngati iyi. Ndinazula chitseko cha nyumba muli mwana wa masiku atatu.

Ndili ndi kanyumba ka lendi ku Matawale. Munkakhala a Namakhwa, ocheka matabwa kuphiri, munthu wolipira pa tsiku lake lenileni moti ndinasiya kugula kalendala. Anakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Chitseko chitadyedwa ndi chiswe anakhoma okha china cha paini, osandiuza n'komwe mtengo wake.

Ndiye anzanga anandinong'oneza kuti ana a ku koleji amalipira pa bedi, osati pa nyumba. Ndinayeza ndi mapazi n'kupeza kuti m'chipinda chimodzi mulowa anayi, wachisanu akakhala woonda. Pangano lathu linkatha mu Juni, ndipo ndinawauza a Namakhwa kuti sitiwonjezeranso.

"Bambo, mutipatseko mwezi umodzi. Mayi akunyumbawa ndi oyembekezera, masiku atha."

Ndinawayankha kuti mimbayo sinali m'pangano. Mawu amenewo amandiyabwa mpaka lero.

Juni anatha, iwo osatuluka. Ndinaganiza zochita zomwe eninyumba ouma mtima amachita kuno: munthu sumumenya, umangochotsa chitseko, zotsalazo imamaliza ndi mphepo. Inu owerenga amene munagonako ku Zomba mu Julaye mukudziwa. Chiperoni cha tsiku limenelo chinali chakuti tambala wanga anayasamula m'mawa, mawu ake n'kudzamveka masana. Ndi zoona zimenezi.

Ndinafika a Namakhwa atakwera kale kuphiri. Ndinagogoda kamodzi, mongokwaniritsa mwambo, n'kulowetsa chitsulo m'mahinjesi. Chitseko chitachoka ndinaona akazi a Namakhwa ali pamphasa, atafungatira kanthu m'nsalu, amayi awiri achikulire ali pambali pawo. Mwana anali m'chikuta, masiku aja mchombo usanagwe, pamene khanda silituluka ndipo mwamuna salowa chisawawa. Ine ndinali chiimire, chitseko m'manja, mphepo ikudutsa m'miyendo mwangamu kulunjika pamphasapo.

Palibe anakuwa. Mmodzi mwa amayiwo anangofunditsa khandalo ndi chitenje chake nati, "Mwabwera kudzaona mwana, alandilodi? Mwamutengera chiyani?"

Munthu wanzeru akanachibwezera pomwepo. Ine ndinaona ngati kubwezera ndi kuvomera kulakwa, ndiye ndinaitana a Mussa, tinachimangirira pa kabaza. Kuchoka apo kufika kwanga ndi mphindi zisanu, koma tsiku limenelo tinayenda maola atatu, a Mussa angavomereze. Amayi pa mpope anasiya ndowa zikusefukira, maso onse pa ine.

Mkazi wanga anachiyang'ana chitsekocho, kenako ine. "Nanga denga mwalisiyiranji, akulu a mpingo?"

Madzulo ndinachibweza nditasenza ndekha pamutu. Ndinapeza pakhomo atapachika mphasa ndi bulangete lomwe a Namakhwa ankafunda. Iwo anatuluka, anandipatsa moni wa manja awiri, nachilandira, nachikhomanso ine ndikuonerera. Akanandituka bwenzi nditapepukako. Mchombo utagwa anasamukira ku Chinamwali, atasesa m'nyumbamo ndi kukolopa.

Ana a ku koleji analowadi. Koma mpaka lero ndikamadutsa ku Matawale anthu amagwirizira zitseko zawo, ena ndi manja awiri. Pa maliro amuna anzanga amandisiyira benchi yonse.

Eninyumba anzanga, nyumba ndi yanu, ndipo kukana kuwonjezera pangano si tchimo. Koma musanagwire chitsulo, gogodani kawiri, mufunse kuti m'katimo muli ndani. Mwezi umodzi sunaphepo mwininyumba. Ine ndinaumira mwezi, lero ndikulipira ndi nkhope.

Patatha miyezi iwiri a Namakhwa anafika kwanga, utuchi uli m'tsitsi, atatenga lendi ya masiku khumi ndi awiri omwe anapitiriza aja. Ndinakana. Iwo anaika ndalamazo pakhonde, nazitsindika ndi mwala. Ndinafunsa za mwana.

"Chifuwa chikuchepa, bambo," anatero. "Tawerengani, mwina zaperewera."

Zinali zokwana.