Guluu pa Chala cha Mphete

Nditasamutsidwa kuchoka kwathu ku Ntcheu kudzaphunzitsa ku Mwenilondo, zoyamba kugonja zinali nsapato zanga. Dzuwa la Okutobala kuno silisewera. Ndinayenda pa tala kuchoka kusukulu, pofika pamsika nsapato yakumanzere inali itayasama. Amayi ena ogulitsa nthochi anandilozera pakhonde la sitolo pamene panakhala bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo, akusoka nsapato. Amenewo anali a Manase Mwakikunga.

Anaitembenuza nsapato ija, kuinunkhiza, n'kundiuza kuti amene anaimata anagwiritsa ntchito guluu wa ndodo, uja amasungunula ndi kamfuti ka magetsi. Anati guluu ameneyo sasiyanitsa kamfuti ndi dzuwa la ku Karonga, akangomva kutentha amafewanso. Ine ndinangofuna nsapato basi, koma ndinakhazikidwa pabenchi ola lathunthu ndikuphunzitsidwa, ine mphunzitsi wathunthu wa Sitandade 7.

A Manase anayamba ngati mlimi wa mpunga. Mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa anapezako ntchito yosunga katundu, ndipo kumeneko ndi kumene anatengera matenda owerenga. Mgolo uliwonse unkabwera ndi pepala lofotokoza kuopsa kwa zimene zili m'katimo. Anzawo ankangolipinda pepalalo n'kuliika mufayilo, iwo ankaliwerenga mpaka kumapeto, pena kawiri. Mgodi utaima, ena anagula njinga zamoto, ena maukonde. A Manase anabwerera kwawo ndi bokosi la zosokera nsapato, kudzanso malamulo ochuluka kuposa a m'buku la Levitiko.

Guluu wa m'chitini sayandikana ndi moto, chifukwa mpweya wake umayaka usanauone n'komwe. Wosuta fodya aimirire tsidya lina la msewu, nsapato atumize ndi mnzake. Kumata nsapato m'nyumba yotseka ayi, mutu umazungulira. Lamulo la motolo silinasiye ngakhale akazi awo, a Bessie, amene amakazinga mandasi. Mbaula yawo inasamutsidwira kutsidya, ndipo kwa zaka zonsezi awiriwa amacheza mokuwirana magalimoto akudutsa pakati. Alendo amaganiza kuti banja linatha. Anthu a pamsika anawapatsa a Manase dzina loti a Sefute, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti safety, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene ankaseka kwambiri.

Chaka chatha mwana wawo wotsiriza, Towera, anapeza banja ndi Khumbize, kalaliki wa kuofesi ya zaulimi. Ukwati unali Loweruka. Lachisanu masana amayi tinasonkhana m'chipinda chakuseri kwa a Mwakikunga, kumene alangizi ankamulangiza mkwatibwi. Wotsogolera anali a Eliness, achemwali awo aakulu a a Manase, mayi amene akatsokomola ngakhale nkhuku zimakhala chete. M'chipinda chimenecho mwamuna salowa, makamaka bambo wa mwana. Ine ndinaitanidwa ngati mnzawo wa a Bessie, ndipo ntchito yanga inali kumata maluwa ansalu pa velo ndi pa madengu a mphatso. A Manase anatibwereka kamfuti kawo atatilangiza kokwanira.

Ndiye magetsi anazima, madengu asanu ndi limodzi asanamatidwe.

Pano ndiulule, nzeru yoipa inachokera kwa ine. Ndinadula ndodo za guluu zija, kuziika m'kachitini ka majarini, n'kukateleka pambaula m'chipinda momwemo, zenera lili chitsekere kuti amuna asamve za m'katimo. Kufunsa ndinakuona ngati kutaya nthawi, pamene safunsa anadya phula. Guluu anasungunuka bwinobwino, ine n'kumadzitama. Kenaka anayamba kufuka utsi woyabwa pakhosi, amayi n'kuyamba kutsokomola. Towera, mwana waulemu, anadzuka kuti aphule kachitiniko ndi nsonga ya chitenje. Kanapendekeka, ndipo guluu anakhuthukira pa dzanja lake lamanzere, kuphimba chala cha mphete mpaka kuseri kwa dzanja.

Mwana analira kulira kumene sindidzaiwala. Aliyense anasanduka dokotala nthawi yomweyo. Wina anathamangira dzira, ine ndinathamangira mankhwala otsukira mano, a Bessie ankangozungulira manja ali kumutu. A Eliness anagwira dzanja lija, zikhadabo zili chire, kuti amatule guluuyo asanaume.

A Manase anali panja ndi amuna anzawo, akukonza mabenchi pansi pa mtengo wa mango. Pambuyo pake anandiuza kuti fungo analimva kulira kusanamveke, ndipo anali atanyamula kale ndowa ya madzi. Anaodira katatu pakhomo. A Eliness anayankha kuti muno ndi mwa amayi, abwerere. Chitseko chinatseguka ndithu, ndipo tinaona msana wa a Manase. Analowa chafutambuyo, maso ali kudenga, kuti asaone zosayenera, ndowa ili m'manja.

"Adumbu, lekani," anatero kwa achemwali awo. "Musamatule. Mukakoka guluuyo, khungu libwera naye limodzi."

Dzanja lija analiviika m'ndowa. Analamula kuti zenera litsegulidwe, mbaula ituluke, ndipo amayi apange mzere wopita kumjigo. Dzira ndi mankhwala anga anati tibweze kumene tazitenga. Madzi a m'ndowa akafunda ankasintha, wina akuthira ndi kapu pamwamba osalekeza. Anaika wotchi yawo pansi n'kunena kuti mphindi makumi awiri, palibe kuchotsera. Guluu ameneyu, anatero, amauma pamwamba koma m'kati amakhala akuphikabe munthu.

Mphindi makumi awiri ndi zambiri ngati a Eliness akukalipa. Anawakumbutsa a Manase mwambo, anawakumbutsa malemu amayi awo, anawakumbutsa ndi za mbuzi imene anaitaya ali mwana. Mawu ena anali a Chitumbuka chakuya moti sindinamve, koma nkhope za amayi zinanditanthauzira. A Manase pa mfundo iliyonse ankangoyankha kuti, "Yewo, adumbu," dzanja la mwana osalitaya. Ine ndinali pafupi ndi kapu, ndikuthira madzi pa dzanjalo. Manyazi anandigwira kwambiri.

Ululu utachepa, Towera anafunsa chapansipansi, "Adada, mphete ilowa mawa?"

"Za mawa sindikudziwa, mama," anayankha. "Ine ndikufuna chala chako chikhalepo."

Nthawi itakwana anakulunga dzanjalo ndi nsalu yoyera yonyowa, guluu ali pomwepo, n'kukwera naye njinga yamoto kupita kuchipatala. Namwino anauchotsa pang'onopang'ono guluuyo, n'kumanga bandeji. Ananena kuti matuza atuluka ndithu, koma khungu lakhala m'malo mwake. Akanati amatule, chala chikanapola ndi chipsera chokoka, mwina osapindanso bwino. Ngakhale choncho anati tidikire masabata atatu kuti tidziwe zenizeni.

Ukwati unachitika. Mkwatibwi analowa m'tchalitchi dzanja limodzi lili loyera kuposa diresi. Pofika pa mphete Khumbize anaima ngati wasochera, akuyang'ana bandeji, akuyang'ana abusa. Abusa anati dzanja lamanja nalonso analenga ndi Mulungu yemweyo, tchalitchi chonse n'kuseka, mphete n'kulowa kumanja. Madengu asanu ndi limodzi aja anapita opanda maluwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anazindikira.

A Eliness sanaiwale mlandu. Lolemba anagamula kuti mchimwene wawo apereke nkhuku chifukwa cholowa m'chipinda cha amayi. A Manase anapereka tambala wonenepa osatsutsa. A Eliness anamuphika okha, n'kutumiza ntchafu zonse ziwiri pakhonde la sitolo m'mbale yovundikira, popanda uthenga uliwonse. Ine ndinapita kukapepesa ndikuyembekezera kutukwanidwa. Iwo anati mlandu tigawane, popeza anandiuza zonse za kamfuti koma anaiwala kundiuza zochita magetsi akazima. Kenaka anandiuza, kwa maola awiri.

Masabata atatuwo a Manase sanali iwo. Nthabwala zinachepa, ndipo a Bessie anandinong'oneza kuti chakudya akungochigwiragwira. Towera anali kwa apongozi ake ku Ngara, ndipo mwamwambo bambo sangangonyamuka kukasuzumira mwana amene wangokwatiwa kumene. Pafoni mwanayo ankangoti ali bwino, koma a Manase sakhulupirira chinthu chimene sanachitembenuze ndi manja awo.

Loweruka lina m'mawa ndinali pakhondepo ndi nsapato ina, minibasi inaima, Towera n'kutsika. Anagwada, kupereka moni, n'kuika dzanja lamanzere pabondo la bambo ake. Bandeji panalibe. Khungu latsopano linali lofiirira pang'ono, losalala, ndipo mphete inali itasamukira pa chala chake chenicheni. A Manase analitembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kumuuza kuti apinde chala. Anapinda. Anati atambasule. Anatambasula.

"Chabwino," anatero, ngati munthu amene wamaliza kuyendera katundu.

Anatola singano kuti apitirize nsapato yanga. Anayesa kulowetsa ulusi, unaphonya. Anayesanso, unaphonya. Kachitatu anapukuta m'maso ndi mkono, akudandaula kuti singano za masiku ano mabowo ake ndi aang'ono. Towera analanda singano ija, kuigwira ndi dzanja lomwe lija, n'kulowetsa ulusi kamodzi kokha.